Foda ya Okanidwa

Chaka chatha ndinalimbana ndekha ndi maimelo mazana atatu
m'kachipinda ka kumbuyo kwa shopu ya Lungowe ku Chilenje,
laputopu ikutentha pamiyendo ngati simbi yositira.
Malaiti akapita, ndimatsala ndi nkhope yanga pagalasi lakuda.
Ena sindinawayankhe konse.
Mnyamata wina wa ku Matero anandipeza pa Kulima Tawa
nandifunsa ndi ulemu wopweteka kuposa chipongwe:
“Amayi, filimu yanga ija munaionako?”
Ndinati inde. Ndinanama.

Chaka chino tili ndi makina anzeru.
Sagona, satopa, sapempha ya basi.
Filimu ikafika amaiyeza utali, amamvetsera mawu ake,
amaona ngati fomu yadzazidwa, ngati makwacha aja alowa,
kenaka amalemba kalata yofatsa pakati pa usiku,
agalu a mu Libala akuuwa okha:
Ntchito yanu tailandira. Zikomo.
Palibenso wodikira miyezi iwiri kuti amve liwu limodzi.
Ndisaname kachiwiri: ndayamba kugona tulo.
Mwana wanga wandionapo ndikuseka.

Koma Lachinayi lililonse ndimatsegula foda ya okanidwa
ngati munthu wofukula kudzala kufuna supuni yotayika.

Nambala 217. Tasila Njobvu, Kalingalinga.
Makina alemba zifukwa zitatu:
yapitirira ndi masekondi makumi anayi;
chilankhulo sichikudziwika;
kwa mphindi zinayi palibe chochitika.

Ndinadina.

Mayi wakhala m'mbali mwa msewu, miyendo yotambasula,
akuphwanya miyala ndi kanyundo.
Go. Go. Go.
Fumbi loyera pa nsidze.
Kumbuyo kwake magalimoto opita ku Kabulonga
akudutsa mawindo otseka.
Mulu ukukula, koma diso silingaugwire ukukula.
Chithunzi chikunjenjemera
pakuti wojambula ndi mwana wake,
ndipo mpweya wake ukumveka pafupi ndi foni.
Mphindi zinayi. Palibe chochitika.
Ndiye mayiyo adzutsa mutu
nanena timawu tochepa m'Chisoli,
chilankhulo cha eni nthaka yomwe tamangapo mzinda uno,
foni igwa mu udzu,
ndipo mumdimamo mukumveka anthu awiri akufa ndi phwete.
Masekondi makumi anayi aja ndi kuseka kumeneko.

Chisoli sindichimva nanenso.
Apa ine ndi makina ndife alendo tonse.
Ndinamvetsera dalaivala wina wa ku Chongwe,
iye anaseka mpaka kutsokomola:
“Akuti, iwe, siya zoseweretsa, ubweretse madzi.”

Ndinafuna kukwiya, koma ndikwiyire ndani?
Mphindi khumi ndi zisanu, osapitirira:
lamulo limenelo ndinalemba ndine,
tsiku lina ndili ndi mutu, tiyi atazizira m'kapu.
Makina angolisunga bwino kuposa mwini wake.
Ndipo chaka chatha Tasila akanamira
pakati pa maimelo osatsegula,
popanda nambala, popanda chifukwa, popanda foda.
Awa anamukana, inde,
koma anamuika pomwe dzanja langa lingafike.

Ndinakoka 217 kumuika kwa olandiridwa.
Ndisanaphethire, kalata inali itakonzeka kale:
Tili okondwa kukudziwitsani.
Yabwino, yopanda cholakwa ngakhale chimodzi.
Ndinaifufuta. Ndinaimba foni.

Anayankha mwamuna, wailesi ikulira kumbuyo.
“Tasila? Foni ino ndi yanga, amangobwereka.
Wapita kukatunga madzi.
Ndimuuze kuti ndani?”

Muuzeni kuti Loweruka, ku holo ya ku Kabwata,
tidzapachika nsalu yoyera pakhoma,
jenereta ikalola.
Abwere ndi amayi ake.
Mipando iwiri ya kutsogolo ndi yawo.

“Amayi ake Loweruka amagwira ntchito,” anatero.
“Imbaninso madzulo.”